Mbiri ya tizilumba ta m'kapamba: maselo amene amayankhulana

Lero tikambe mbiri, chifukwa ikhoza kupulumutsa wina wa m'nyumba mwanu amene amabaya jakisoni wa matenda a shuga.

Poyamba timvane. Kapamba amene ndikunenayu si uja amatupa mwana akamadwaladwala malungo ayi. Uyu ndi wina, wogona kuseri kwa chifu, amene kuchipatala timati pancreas.

Mu 1869, Paul Langerhans, mnyamata wophunzira udokotala ku Berlin, anayang'ana kapambayu pa makina okulitsa zinthu. Anaona timagulu ta maselo titamwazikana ngati tizilumba panyanja, koma ntchito yake sanaidziwe. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu. Galuyo anayamba kukodza pafupipafupi, ndipo mumkodzo mwake anapezamo shuga. Apa anthu anazindikira kuti m'kapamba muli chinthu choletsa shuga kuchuluka m'magazi.

Chinthucho anachitulutsa ndi Frederick Banting ndi Charles Best ku Toronto mu 1921. Ndicho insulini. Mu Januwale 1922 anabaya Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14 amene anali atatheratu, ndipo anatsitsimuka. Isanafike nthawi imeneyo, mwana akagwidwa ndi matendawa sankakhalitsa.

Koma panali chodabwitsa. Akabaya insulini yoyambirirayo, shuga ankayamba wakwera pang'ono, kenaka n'kutsika. Mu 1923, Charles Kimball ndi John Murlin ku Rochester anaona kuti munasakanikirana chinthu chachiwiri chokweza shuga, ndipo anachitcha glucagon. Kwa zaka zambiri ambiri ankangochiona ngati zinyalala zodetsa mankhwala.

Chachitatu chinapezeka mu 1973, m'ubongo wa nkhosa, ndi gulu la Roger Guillemin ku California. Dzina lake ndi somatostatin. Pasanapite nthawi anachipezanso m'tizilumba tija. Ndiye mu 1975, Roger Unger wa ku Dallas ndi Lelio Orci wa ku Geneva ananena poyera kuti matenda a shuga si kusowa kwa insulini kokha: glucagon nayenso amachuluka pa nthawi yosayenera.

Nanga maselowa amamvana bwanji? Munthu ali ndi tizilumba pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo m'kachilumba kalikonse mumakhala mitundu itatu ikuluikulu ya maselo, yogundana ngati nyumba za pamudzi umodzi. Mukadya nsima, shuga amakwera. Maselo otchedwa beta amatulutsa insulini kuti shugayo alowe m'minofu, wina akasungidwe m'chiwindi, chomwe ndi nkhokwe ya thupi. Nthawi yomweyo amauza anzawo oyandikana nawo, otchedwa alpha, kuti "dikirani kaye". Mukakhala osadya, a beta amachepetsa insulini, ndipo a alpha akamva kuti anzawo atonthola amatulutsa glucagon, yemwe amatsegula nkhokwe ija. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: musi wina ukatsika, wina ukwere. Achitatuwo, otchedwa delta, amatulutsa somatostatin, woletsa onse awiri kuti asapyole muyezo.

Apa ndi pamene mbiriyi ikukhudza banja lanu. Mu 1973 momwemo, John Gerich ndi anzake ku San Francisco anaonetsa kuti mwa anthu amene maselo awo a beta anafa, shuga akatsika kwambiri glucagon satuluka. Maselo a alpha alipo ndithu, koma wowauza kulibe. Jakisoni amabwezera insulini, koma sabwezera kuyankhulana kuja. Mukabaya, insuliniyo imagwirabe ntchito kaya mwadya kaya simunadye.

N'chifukwa chake timalimbikira kuti wobaya jakisoni asalumphe chakudya, ndipo asapite kumunda m'mimba muli pululu. Omwa mapiritsi a glibenclamide nawonso asamale chimodzimodzi. Mukaona akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akumva njala yoopsa kapena akuyankhula zosokonekera ngati woledzera, mupatseni msanga madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka, musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Musasiye jakisoni chifukwa cha mantha. Ngati shuga akumatsika kawirikawiri, kafotokozeni kuchipatala kuti akaonenso mlingo wa mankhwala.

Kuchokera pa Langerhans kufika pa Unger ndi Orci panadutsa zaka zoposa 100 kuti anthu amvetse zimenezi. Inu mwazimva lero. Uzani ana, apongozi ndi oyandikana nawo nyumba, ndipo kapepala ka shuga kazikhala m'thumba la wodwalayo kulikonse kumene akupita.