Mafunso ndi Mayankho: Masamu a amalonda ndi amalinyero

Funso: Ndine wophunzira wa Fomu 3 kuno ku Mchinji. Kodi zizindikiro za +, − ndi = anaziyambitsa ndani? Aphunzitsi athu amangoti n'zakalekale.

Yankho: Aphunzitsi ako sananame, koma kale lake si la Adamu. Zizindikirozi zinabwera chimodzichimodzi, ndipo zina zinatulukira m'mabuku olembera amalonda. Buku la masamu losindikizidwa lakale kwambiri lomwe tikulidziwa ku Ulaya linatuluka ku Treviso, m'dziko la Italy, mu 1478. Analilemba m'chiyankhulo cha anthu wamba, Chilatini cha ophunzira n'kuchisiya pambali, ndipo ena mwa mafunso ake ndi a anthu osonkherana mpamba omwe akufuna kugawana phindu.

Zizindikiro za + ndi − zinayamba kuoneka m'buku losindikizidwa mu 1489, la Johannes Widmann, ku Leipzig. Iye ankasonyeza nazo katundu wopitirira kapena woperewera pa muyezo, monga thumba la mtedza pa sikelo ya mavenda ku Kamwendo.

Mwini wake wa = ndi Robert Recorde, dokotala wa ku Wales, m'buku lake la 1557. Anatopa ndi kulemba mawu omwewomwewo pa samu iliyonse, choncho anajambula mizere iwiri yoyandikana yotalika mofanana. Yake inali yaitali kuposa yomwe umalemba m'kope lako. Mabuku ake ambiri ankawalemba ngati kucheza kwa mphunzitsi ndi wophunzira, wina kufunsa wina kuyankha, ndiye ife a tsamba lino tisadzitame kuti tinayambitsa kanthu. Anamwalira m'ndende mu 1558 atalephera kulipira chindapusa cha mlandu. Chizindikiro cha × chinabwera ndi William Oughtred mu 1631, cha ÷ ndi Johann Rahn mu 1659.

Amene ine ndimamuvulira chipewa ndi Simon Stevin wa ku Bruges. Mu 1585 analemba kabuku kophunzitsa madesimo m'chiyankhulo chakwawo, n'kulangiza maboma kuti ndalama ndi miyezo zizigawika m'makhumi. Malangizowa anachedwa kutipeza: Zambia inayamba kwacha ndi ngwee mu 1968, ife kwacha ndi tambala mu 1971. Ukafunse agogo ako mutu womwe unkawawa powonkhetsa, pomwe makobiri 12 ankapanga sheleni ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Stevin yemweyo mu 1586 anafotokoza chifukwa chake dilamu yodzaza imapepuka poikankha pa thabwa lopendekeka kusiyana ndi kuinyamula kuti ikwere m'lole.

Funso: Ndimachita geni yodutsa pa Mwami kupita ku Chipata. Ndinamva kuti malire a mayiko athu anawayeza ndi dzuwa ndi nyenyezi. N'zoona?

Yankho: Bambo, mbali ina n'zoona. Malire omwe mumadutsawo amatsata mtunda wogawa madzi: mvula yogwa uku imatsikira ku Bua mpaka ku nyanja, yogwa uko imapita ku Luangwa. Koma pangano la Britain ndi Portugal lomwe linasainidwa ku Lisbon pa 11 June 1891 linatchula nambala. Linati malire atsate mtunda wa pakati pa Zambezi ndi nyanja mpaka pa madigiri 14 kummwera kwa ikweta. Cha pamenepo, kummwera chakum'mawa kwa tauni ya Mchinji, ndi pomwe Malawi, Zambia ndi Mozambique akumana lero.

Nanga munthu ali m'thengo angadziwe bwanji kuti waponda pa digiri ya 14? Luso lake ndi la amalinyero. Dzuwa likafika paliwombo, amayeza kuti lakwera madigiri angati, kenako n'kutsegula buku lokhala ndi ndandanda wosonyeza pomwe dzuwa limakhala tsiku lililonse la chaka. Akawonkhetsa kapena kuchotsera, yankho latuluka. Apwitikizi anali atasindikiza kale malangizo oterewa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500. Pedro Nunes analemba buku lake m'Chipwitikizi mu 1537, ndipo la Martín Cortés la 1551 linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1561.

Masamu amenewa anafika kumtunda kuno malire asanabwere. Francisco de Lacerda, yemwe anaphunzira masamu ku Coimbra komwe Nunes anaphunzitsako kale, ananyamuka ku Tete mu July 1798 n'kudutsa m'dziko la Amaravi kulowera kwa mfumu Mwata Kazembe. M'njira ankayeza pomwe wafika poyang'ana kumwamba, ngakhale malungo anali atamugwira. Kudziwa kutalika kwa ulendo chakum'mawa kapena chakumadzulo ndiko kunkavuta zedi, moti ankachita kudikira usiku kuti aone miyezi ya Jupiter. Anamwalira mu October chaka chomwecho ali pafupi ndi likulu la Kazembe, ndipo zomwe ankalemba paulendowo Richard Burton anazitulutsa m'Chingerezi mu 1873.