Liwiro la pa Madzi ndi Mtengo Wace

Mnyamata ali yense amene anasewerapo pa dooko adziwa kuti mwala wobulungika ukauponya m'madzi umira pomwepo, koma phale la mphika ukaliponya cam'mbali ndi mphamvu lidumpha-dumpha pamwamba kanai kapena kasanu lisanamire. Mbiri ya mabwato aliwiro oyenda ndi makina ndiyo mbiri ya anthu amene anafuna kusandutsa bwato kuti likhale ngati phale limenelo. Nchitoyi inatenga zaka zoposa 100, ndipo amuna ena anatayapo moyo. Anthuwa anapeza kuti madzi amene acedwetsa bwato ndi omwewo amene aligwira kuti lisagubuduke, kotero kuti mmisiri akalicotsa m'manja mwa madzi kuti lithamange, walicotsanso m'manja mwa woliyendetsa.

Tiyambe ndi bwato wamba. Bwato lotere likhala m'kati mwa madzi, ndipo poyenda liyenera kuwakankhira pambali. Pakutero liutsa funde kumphuno ndi lina kumbuyo. Liwiro likamakula mafunde awiriwo atalikirana, kufikira bwato lipezeka m'cigwa pakati pao, likuyesa kukwera citunda cimene ladziumbira lokha. Likafika pamenepo, kuonjezera mphamvu kungokuza funde. Cifukwa cace amisiri akale ofuna liwiro ankapanga ngalawa zazitali ndi zopapatiza ngati mpeni, pakuti ngalawa yaitali icedwa kugwa m'cigwa cimeneci.

Ngalawa yotere yochuka kopambana inali Turbinia, imene inatsitsidwira m'madzi pa mtsinje wa Tyne ku England m'caka ca 1894. Utali wace unali mapazi 104, koma m'mimba mwace munali mapazi 9 okha. Mwini wace, Charles Parsons, ndiye anapanga injini ya nthunzi yochedwa turbine m'caka ca 1884, injini yozungulira mofulumira kwambiri. Iye anayembekeza zazikuru, koma pa kuyesa koyamba ngalawayo inalephera kufika ngakhale pa mailosi 23 pa ola. Injini inalibe cirema. Bvuto linali pa pulopela, ndiyo masamba acitsulo opotoka aja amene azungulira kumbuyo nakankha madzi monga icitira nkhafi.

Parsons anapanga kabokosi ka madzi kokhala ndi mazenera a galasi kuti aone ndi maso ace cimene cinali kucitika. Anaona kuti tsamba likazungulira mopitirira muyeso, madzi alephera kulitsata, ndipo ku mbali yace yoyang'ana kutsogolo kubadwa thobvu la nthunzi, ngati kuti madzi awira popanda moto. Pulopela yozingidwa ndi thobvu iribe pogwira. Ingozungulira monga gudumu la galimoto m'matope. Amisiri achula bvutoli kuti cavitation, ndipo thobvulo pophulika lidyanso citsulo ca masamba. Parsons anagawa katunduyo: m'malo mwa mtanda umodzi wozunguza pulopela anaika mitanda itatu, uli wonse ndi mapulopela atatu, onse pamodzi 9. Pa 26 Juni 1897, pamene ngalawa zankhondo zinandanda ku Spithead kulemekeza Mfumukazi Victoria pa zaka 60 za ufumu wace, Turbinia inathamanga pakati pa mizere yao, ndipo panalibe bwato la alonda lotha kuigwira. Liwiro lace linafika pafupi-fupi mailosi 40 pa ola. Lero ngalawayo isungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Newcastle.

Komabe Turbinia inali yong'amba madzi, osati yowakwera. Nzeru yokwera pamwamba inacokera kwa mbusa wa mpingo, Charles Meade Ramus wa ku Playden m'cigawo ca Sussex. M'caka ca 1872 iye analembera akuru a ngalawa zankhondo za Britain kuti pansi pa ngalawa pasemedwe ngati khwerero la pakhomo, kuti ikathamanga idzuke niime pa malo awiri okha, mpweya nulowa pakati. William Froude anayesa tizifanizo tace m'dziwe loyesera ku Torquay, ndipo maganizowo anakanidwa, pakuti injini za nthunzi za nthawi imeneyo zinali zolemera kwambiri kosatha kunyamula ngalawa. Mbusayo sanalakwe, anangofulumira kubadwa. Zitafika injini zopepuka za petulo, John Thornycroft anapanga Miranda IV m'caka ca 1910, bwato la khwerero limodzi, ndipo linafika pa liwiro la Turbinia ndi thupi laling'ono ndithu.

Kuyambira pamenepo mpikisano unakula pakati pa Britain ndi America. Lamulo lace linali lakuti bwato lithamange kawiri pa mtunda woyezedwa, kupita ndi kubwera, ndipo liwiro lolembedwa likhale la pakati pa maulendo awiriwo. Pa 13 Juni 1930 Henry Segrave anafika pa mailosi 98.76 pa nyanja ya Windermere m'bwato lochedwa Miss England II. Pofuna kuonjezera anathamanganso kacitatu, bwatolo linagubuduka, ndipo iye ndi mmisiri wace Victor Halliwell anamwalira. Ku America kunali Gar Wood, amene anakhulupirira mphamvu koposa zonse. M'bwato lace Miss America X anaikamo injini zinai za Packard, nafika pa mailosi 124.86 pa mtsinje wa St. Clair m'caka ca 1932.

Apa ndipo mbiriyi itiphunzitsa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo injini yokha siithamangitsa bwato. Adolph Apel ndi mwana wace Arno, amisiri a ku Ventnor ku New Jersey, anaona kuti bwato la khwerero likhudzabe madzi pa malo akuru, ndiponso lipendekeka msanga. Iwo analipatsa mapazi awiri kutsogolo, lina kumanja lina kumanzere, ndi popondera pacitatu kumbuyo. Motero bwato likathamanga liima pa nsonga zitatu monga mphika pa mafua, ndipo thupi lonse liri m'mwamba. Malcolm Campbell anatenga nzeru imeneyi pa bwato lace Blue Bird K4. Pa 19 Ogasiti 1939, pa nyanja ya Coniston, anafika pa mailosi 141.74 ali ndi injini imodzi yokha ya Rolls-Royce. Cimene injini zinai zinalephera, kasemedwe ka pansi pa bwato kanacita.

Cotsalira m'madzi tsopano cinali pulopela ndi mtanda wace, ndipo izi nazo zinali kukoka bwato m'mbuyo. Amene anamaliza nkhaniyi anali a ku Seattle: Stanley Sayres mwini bwato, Ted Jones wolemba mapangidwe ace, ndi Anchor Jensen wolikhoma. Bwato lao, Slo-mo-shun IV, linali ndi injini ya Allison ya mtundu wa ndege zankhondo. Likathamanga, kumbuyo kwace konse kunkadzuka, kotero kuti pulopela yomweyo inasanduka fua lacitatu, theka lace m'madzi ndi theka lina m'mwamba, ikulavula madzi m'mbuyo ngati mcira wa tambala. Pa 26 Juni 1950, pa nyanja ya Washington, linafika pa mailosi 160.32, ndipo m'caka ca 1952 linakwera kufika pa 178.49. Mpweya umene Parsons anauthawa ngati mdani, amuna awa anaulandira dala, nasula masamba akuthwa ndi olimba oyenera kulowa ndi kuturuka m'madzi pa kuzungulira kuli konse.

Pa masiku amenewa kusankha pulopela kunasanduka luso lapalokha, ndipo malamulo ace agwirabe nchito pa bwato liri lonse la injini. Pali zinthu ziwiri zazikuru: kukula kwa pulopela, ndi kupotoka kwa masamba ace, ndiwo mtunda umene ikadayenda pa kuzungulira kumodzi madzi akadakhala olimba ngati thabwa. Kupotoka kufanana ndi magiya a njinga. Kukacuruka, injini ilemedwa, ndipo bwato licedwa kudzuka pamwamba pa madzi. Kukacepa, bwato lidzuka msanga, koma injini ilira mopitirira muyeso popanda liwiro lomveka, nitha msanga. Pulopela ya theka iri ndi khalidwe lina: popeza masamba aluma madzi pansi pokha, ikankhira kumbuyo kwa bwato cam'mbali monga nkhanu. Cifukwa cace amisiri aika tsigiro pambali, ndi cipsepse cacitsulo ku phazi limodzi kuti bwato ligwire madzi pokhota.

Ofuna kupitirira mailosi 200 anataya pulopela, natenga injini za jeti za ndege, zimene zikankha mpweya osakhudza madzi. Pamenepo cogwira bwato cinacepa koposa, ndipo mtengo unakwera. Pa 29 Sepitembala 1952 John Cobb, amene nthawi imeneyo anali mwini liwiro lopambana la galimoto, anathamangitsa bwato lace Crusader pa nyanja ya Loch Ness ku Scotland. Atapitirira mailosi 200 anakumana ndi timafunde tating'ono, phazi lakutsogolo linayamba kumenya madzi, bwato linasweka, iye namwalira. Pa liwiro lotere madzi salinso ofewa. Funde limene mwana angaolokemo limenya ngati mwala.

Donald Campbell, mwana wa Malcolm, analowa m'malo mwa atate wace ndi bwato lacitsulo Bluebird K7, lolembedwa ndi abale awiri, Ken ndi Lew Norris. Anafika pa mailosi 202.32 ku Ullswater pa 23 Julai 1955, ndipo anapambana liwiro la dziko lonse kasanu ndi kawiri, komaliza pa mailosi 276.33 ku nyanja ya Dumbleyung ku Australia pa 31 Disembala 1964. M'mawa wa pa 4 Januwale 1967, ku Coniston, anafuna kupitirira 300. Ulendo woyamba anafika pa 297. Anatembenuka osaima kuthira mafuta, nabwerera pomwepo. Ali pafupi kutsiriza mtundawo, mphuno ya bwato inadzuka pang'ono, mphepo inalowa pansi pace, ndipo bwato lonse linauluka, kutembenuzika m'mwamba ndi kugwa camutu. Bwatolo ndi mtembo wace zinabvuulidwa m'caka ca 2001, patapita zaka 34.

Wofika pa 300 ndi kubwerera wamoyo anali Ken Warby wa ku Australia, amene anakhoma bwato lace la matabwa, Spirit of Australia, kuseri kwa nyumba yace ku Sydney. Pa 8 Okutobala 1978, pa damu la Blowering, anafika pa mailosi 317 pa ola. Kwa zaka zoposa 40 zotsatira panalibe womposa. Awiri amene anayesa, Lee Taylor m'caka ca 1980 ndi Craig Arfons m'caka ca 1989, onse anataya moyo pa kuyesako.

Mabwato onsewa anali a madzi abata, odikira tsiku lopanda mphepo. Tibwerere m'mbuyo pang'ono kuti tione njira ina, imene inapindulira anthu ambiri. Pa nyanja yamcere, pamene mafunde saleka, bwato la pansi posalala limenya funde liri lonse mpaka okweramo athyoka msana. Raymond Hunt, mmisiri wa ku America, anasema pansi pa bwato ngati cilembo ca V cozama, kuyambira kumphuno kufikira kumbuyo kweni-kweni, mbali zace zopendekeka madigiri 24, naikapo mizere ya timatabwa m'litali kuti tithandize kunyamula bwato ndi kuponya madzi pambali. Richard Bertram anaona bwato lotere ku Newport m'caka ca 1958 likudula mafunde amene anaimitsa anzace, ndipo anapempha Hunt kuti amlembere lace. Bwato limenelo, Moppie, linapambana mpikisano wocokera ku Miami kupita ku Nassau m'caka ca 1960, pa nyanja yowinduka, m'maola 8. Hunt anabwezera madzi gawo la bwato limene ena analanda. Bwato lace lifuna injini yamphamvu ndi mafuta ambiri, ndipo likaima ligwedezeka. Koma pothamanga liluma madzi, limvera tsigiro, ndipo pokhota litsamira m'kati monga wokwera njinga. Mabwato ambiri aliwiro a pa nyanja zazikuru, a alonda ndi opulumutsa anthu omwe, ali ana a mapangidwe amenewa.

Motero woyang'ana bwato laliwiro asayambe ndi kufunsa za kukula kwa injini. Aliturutsire pa mtunda, awerame, aone pansi pace. Pansi posalala pamuuza kuti lidzathamanga pa madzi abata ndi mafuta ocepa, koma lidzamzunza mphepo ikauka. Pansi pozama pamuuza kuti lidzamfikitsa kwao pa tsiku loipa, koma lidzamdyera mafuta. Aonenso pulopela, ngati igwirizana ndi katundu amene bwatolo linyamula tsiku ndi tsiku. Parsons anazindikira zimenezi poyang'ana m'kabokosi ka galasi, Hunt pa mafunde a Atlantic, ndipo Segrave, Cobb ndi Donald Campbell analipira ndi moyo wao. Woyendetsa bwato lero azilandira kwaulere, ndipo nchito imtsalira ndiyo kuyang'ana madzi asanatsegule mafuta.