Makina a Amalume ndi Mbiri ya Zovala Kwathu ku Machinga

Akonzi a kalata yathu ino atandipempha kuti ndilembeko za mbiri ya dera limene ambiri a ife tinachokera, ndinaganiza zolemba za mafumu ndi nkhondo, monga momwe aphunzitsi athu ankatilembetsera m'kalasi. Koma ulendo umene ndinayenda kupita kumudzi mu Ogasiti chaka chatha unandisintha maganizo. Ndilemba za zovala. Amene akuona ngati nkhaniyi njopepuka andipirire pang'ono.

Mlongo wanga anandiimbira foni Lachisanu lina m'mawa kuti ndifike kumudzi msanga, chifukwa zidzukulu za amalume zinali zitapeza munthu wofuna kugula makina awo osokera. Ndalama zake zinkafunika pa ulendo wa mnyamata mmodzi wopita ku Joni. Ndinanyamuka ku Lilongwe masana omwewo ndili m'suti ya ku ofesi, kudzera ku Ntcheu ndi ku Balaka, n'kuwoloka Shire pa Liwonde dzuwa likupendeka. Kuchoka apo msewu wa ku Nsanama ndi Ntaja ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Inali nyengo ya zinamwali, ndipo ng'oma zinkamveka m'midzi ya m'mbali mwa msewu.

Amalume ndinawapeza atakhala pakhonde, mzuli uli kumutu. Maso awo anachita khungu ndithu, kotero tikupatsana moni anagwira mkono wa jekete yanga n'kumaufufuza ndi zala mpaka paphewa. Kenaka anati: "Bwana, jekete iyi njabwino, koma mwini wake anali wamtali manja kuposa inu." Anthu onse pakhondepo anaseka. Ine ndinaseka nawo mwamanyazi, pakuti sutiyo ndinaigula pa kaunjika, ndipo kuntchito kwathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa zimenezi. Usiku umenewo ndinagona mochedwa, ndikulingalira za njira imene zovala zayenda kuti zifike pa thupi la munthu wa ku Machinga.

Makolo athu akale ankavala nyanda, nsalu yosula kuchokera ku khungwa la mtengo, ndiponso zikopa. Komabe tisaganize kuti thonje linabwera ndi azungu. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, chaka chomwenso anaona nyanja ya Chilwa, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawozawo. Cha m'zaka zomwezo Ayao a mtundu wa Amachinga, amene dzina la boma lathu linachokera kwa iwo, anali kulowa m'dera lino kuchokera ku Mozambique. Iwowa anali akatswiri a malonda a maulendo ataliatali okafika kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa ndi madoko ena, ndipo pobwera ankasenza mikanda, mfuti ndi nsalu. Nsalu yoyera yotchedwa merikani inatenga dzina lake ku America, kumene inkawombedwa isanadzere ku Zanzibar. Njira yomweyo ndi imene inabweretsa Chisilamu, pamodzi ndi mkanjo ndi mzuli zimene timaziona pa Lachisanu lililonse ku Ntaja mpaka lero. Pano tiyenera kunena zoona ngakhale zili zowawa: nsaluzo sizinkagulidwa ndi minyanga ya njovu yokha, zinkagulidwanso ndi anthu. Malonda amenewa anapitirira mpaka m'chaka cha 1895, pamene asilikali a Harry Johnston anagonjetsa mfumu Kawinga pa phiri la Chikala, phiri lomwe lija tinkaliona tsiku ndi tsiku osadziwa zimene linaonapo.

Mu ulamuliro wa atsamunda nsalu inasamukira m'sitolo za amwenye, zimene zinamangidwa pa malo a malonda ambiri m'boma lino, limene kale linkatchedwa Kasupe. Agogo anga aakazi ankakamba za biriwita, nsalu yakuda imene inkasiya utoto pathupi munthu akatuluka thukuta, ndi za kavalidwe ka chilundu. Pakhonde la sitolo ya mmwenye aliyense pankakhala telala ndi makina ake. Munthu ankagula nsalu m'kati, n'kutuluka nayo panja kuti amuyeze. Koma kuti munthu agule nsalu ndi kukhoma msonkho pankafunika ndalama, ndipo ndalama zinali kutali, ku minda ya azungu, ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa.

Apa ndi pamene mbiri ya dziko ikukumana ndi mbiri ya amalume. Iwo anapita ku migodi kudzera ku Wenela ali mnyamata. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda analamula kuti kulemba anthu opita ku migodi kuime. Amalume anabwerako chaka chotsatira. Anzawo anabwera ndi wailesi, njinga, mabulangete ndi zipewa za wilisoni. Iwo anabwera ndi makina a Singer opalasa ndi mapazi, ataphunzira kusoka kwa mnzawo wina m'komboni ya pamgodi. Anthu akuti anawaseka kuti mwamuna wabwera ku Joni wopanda suti. Ulendo wa ku migodi unatsegulidwanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene ife timati Theba, n'kudzatsekedwa m'chaka cha 1988, koma amalume sanabwererekonso. Mawailesi aja anafa, zipewa zinatha, makina anatsala.

Zaka zimenezo zinali zokomera atelala. Fakitale ya David Whitehead and Sons inali itatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, ndipo inkawomba nsalu kuchokera ku thonje la m'dziko momwe muno. Anzathu a ku Balaka, Utale ndi Phalula akukumbukira bwino mmene makolo awo ankanyamulira thonje kupita ku misika ya ADMARC. Tinganene kuti thonje linkachoka ku Balaka, kukasanduka nsalu ku Blantyre, n'kubwerera kudzakhala kabudula wa mwana wasukulu wa ku Balaka komweko. Pamene boma linachotsa amwenye m'madera a kumidzi m'zaka za m'ma 1970, sitolo zambiri zinatsala zopanda katundu wokwanira, koma makonde anatsala m'manja mwa atelala. Amalume ankapita ku Liwonde kukakwera sitima, pa njanji ya ku Nayuchi imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970, kukagula mipukutu ya nsalu ku Limbe.

Inalinso nthawi imene boma linkalowerera pa kavalidwe ka munthu. Lamulo la m'chaka cha 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osafika m'mawondo pagulu. Amuna nawo analetsedwa kusunga tsitsi lalitali ndi kuvala mabuluku otambasuka kumiyendo, ndipo ngakhale alendo ankatha kumetedwa pabwalo la ndege. Mtsogoleri mwini wake sankaoneka pagulu opanda suti ya zidutswa zitatu, chipewa ndi litchowa m'manja, ndipo ankakonda kunena kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Amayi athu, monga mbumba, ankavala nsalu za nkhope yake pokavina. Amalume amandiuza kuti iwo ndi amene ankasunga lamulolo m'mudzi mwathu kuposa apolisi, chifukwa mtsikana akapempha kuti diresi ifupikeko pang'ono, ankayeza ndi tepi n'kuwonjezerapo dala zala ziwiri, poopa kuti mlandu ungagwere wosoka.

Sindikulakalaka masiku amenewo. Ndinali mwana, koma ndikukumbukira mantha a akuluakulu pamsika achinyamata a chipani akayamba kufunsa makadi. Chimene ndimalakalaka ndi khonde lija sabata ya Idi kapena ya Khirisimasi isanafike: nyali ya galasi ikuyaka mpaka pakati pa usiku, simbi ya makala ikufuka, choko chili kukhutu kwa amalume, ife ana tikutola tizidutswa ta nsalu tosokera mpira. Mwezi wa zinamwali ntchito inkachuluka koposa, pakuti mwana wotuluka ku jando kapena ku nsondo sangatuluke ndi chovala chakale. Aliyense ankavala chovala chimene chinasokedwera iyeyo. Amalume ankadziwa mapewa a mwamuna aliyense m'midzi itatu, ndipo ankadziwanso amene sadzalipira mpaka atakolola.

Ndinasankhidwa kupita ku sukulu yathu m'chaka cha 1994. Amene tinalowa Fomu 1 m'zaka zimenezo tinaona zinthu zikutembenuka maso athu akupenya. Riferendamu inali itachitika pa 14 Juni 1993, lamulo la kavalidwe linachotsedwa pasanapite nthawi yaitali, ndipo mu Meyi 1994 a Bakili Muluzi, mwana wa kwathu konkuno kwa Kapoloma, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko. Nsalu zachikasu zinadzaza misika. Maphunziro a ku pulayimale anakhala aulere ndipo yunifolomu inaleka kukhala yokakamiza. Chaka chomwecho ndalama ya kwacha inasiyidwa kuti ipeze yokha mphamvu yake pamsika, ndipo mitengo ya zinthu inakwera kwambiri. Zipata za malonda zitatseguka, mabelo a kaunjika ochokera ku Ulaya ndi ku America anasefukira paliponse. Shati ya pa kaunjika inkatsika mtengo kuposa nsalu yosasoka. Kwa mabanja osauka chimenechi chinali chipulumutso, ndipo ana ambiri amene ankayenda ndi zigamba anavala bwino kwa nthawi yoyamba. Kwa fakitale ya Whitehead chinali chiyambi cha mavuto amene anafikitsa pa kugulitsidwa kwake m'chaka cha 2003. Kwa atelala a m'makonde, ntchito inasanduka yochepetsa ndi kupinda zovala za anthu a kutali amene sanawaonepo.

Tsopano ndinene mbali yanga, imene ndi chifukwa chenicheni cholembera nkhaniyi. Yunifolomu yanga yonse ya Fomu 1 anasoka ndi amalume, kwaulere, ndipo fizi ya zaka zinayi inachokera pa chopondera cha makina omwe aja. Koma nditafika kusukulu ndinaona kuti anzathu ochokera ku Zomba ndi ku Blantyre anali ndi mabuluku a m'sitolo okhala ndi chizindikiro kumbuyo. Langa linalibe. Ena mwa inu mukukumbukira mmene tinkatembenuzirana makolala kuti tione dzina la kampani. Amene munkatero ndinakukhululukirani kalekale, pakuti nanenso ndinadzatero kwa a Fomu 1 a pambuyo pathu. Pa tchuthi cha Fomu 3 amalume anandisokera buluku latsopano la nsalu yabwino yakuda. Ine ndinawauza pamaso pa anthu kuti masiku ano anthu savalanso zosoka pakhonde, ndipo ndinapempha ndalama yoti ndikagule jinzi pamsika. Sanayankhe kanthu. Analipinda bulukulo, nalowetsa dzanja m'thumba n'kundipatsa ndalamayo. Kuchokera tsiku limenelo sanandiyezenso, ngakhale pamene ndinkapita ku Chancellor College, ngakhale pa ukwati wanga.

Zambiri zasintha chichokereni ife kusukulu. Balaka anapatuka kwa Machinga n'kukhala boma palokha m'chaka cha 1998, kotero ena amene tinkati ndife a boma limodzi lero timalemba maboma awiri pa zikalata. Atsikana ovala mathalauzi pa Liwonde sachewukiridwanso. Koma ulendo wa ku Joni sunathe. Anyamata a ku Machinga akupitabe, tsopano pa basi kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, opanda mgwirizano wa ntchito ngati wa nthawi ya Wenela, ndipo akabwera pa Idi timawadziwa ndi nsapato zawo. Mdzukulu wa amalume ankafuna kugulitsa chinthu chimene agogo ake anabwera nacho ku Joni kuti iye apite ku Joni komweko. Sindinamudzudzule. Ndikanamuuza chiyani ine, amene ndinathawa mudzi ndi pensulo?

M'mawa mwake tinakhala pansi monga banja. Ndinalipira ndalama imene wogula uja analonjeza, ndipo tinagwirizana kuti makinawo asachoke pakhomopo. Mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene analemba mayeso a Fomu 4 koma alibe pogwira, anali atayamba kale kuwapalasa mobisa, ndipo amalume anavomera kumuphunzitsa kudula. Kenaka ndinapita pa Ntaja n'kugula nsalu yoyera mamita awiri ndi theka. Nditabwera nayo ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kunena kuti: "Amalume, ndimafuna shati."

Anakhala chete kanthawi. Kenaka anaitanitsa tepi, nandiuza kuti ndiimirire. Manambala sankawaona, choncho ankagwira ndi chala pamene tepi yathera, mtsikana uja n'kumawerenga mokweza ndi kulemba m'kope. Atafika pamimba anati: "Boma likukudyetsani bwino, bwana." Za buluku lija sanatchule, inenso sindinatchule.

Shatiyo inandipeza ku Lilongwe patatha milungu itatu. Kolala yake inapendekeka pang'ono mbali ya kumanzere, chifukwa wosokayo akuphunzira kumene, koma manja ake amathera pamene manja anga athera. Ndidzavala imeneyo pa msonkhano wathu wapachaka. Amene muli ndi zithunzi zakale za yunifolomu ya sukulu yathu, makamaka za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, chonde mudzabwere nazo, chifukwa akonzi akufuna kuzisindikiza m'kalata yotsatira.