Maulendo a Njinga za Moto pa Mapiri a ku Ncheu

Anthu amene akhala m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, makamaka pakati pa Boma la Ncheu ndi Lizulu, adziwa kuti mvula ikalekeratu pamapita alendo a mtundu wina. Alendowa ayenda pa njinga za moto zazikulu, asanu kapena khumi pamodzi, atabvala zisoti zolimba ndi malaya ocindikala. Patsogolo pao pamakhala mmodzi wodziwa njira, ndipo kawirikawiri pambuyo pamatsata galimoto yonyamula akatundu, mafuta ndi zitsulo zokonzera. Sali pa ulendo wa ku nchito, kapena wa ku maliro, kapena wa malonda ai. Alipira ndalama zambiri kuti angoona dziko kwa masiku angapo, lero mapiri, mawa nyanja. Ena acokera ku South Africa, naoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, nalowa m'dziko lino pa Mwanza kapena pa Dedza. Ena atsika kucokera ku Tanzania.

Ambiri auyesa ulendo wotere cinthu catsopano. Koma tikayang'anitsitsa, kakonzedwe kace nkakale ndithu, ndipo mseu umene alendowa akondwerapo unalambulidwa ndi anthu amene sanayendepo ndi cikondwerero ciri conse.

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Kumadzulo kwa Ncheu kuli mtandadza wa mapiri amene Dr. David Livingstone anawacha Kirk Range m'caka ca 1863, pokumbukira mnzace wa pa ulendo, Dr. John Kirk. Mapiriwa agawa madzi pawiri: mvula yogwa kumadzulo ithamangira ku Zambezi, yogwa kum'mawa itsikira ku Shire ndi ku nyanja. M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana kuti malire ao atsate mtunda wogawa madziwo. Popangana sanafunse Angoni a kwa Maseko, amene mfumu yao Cikuse inamanga pafupi ndi phiri la Domwe. Motero mtundu umodzi unapezeka uli m'maiko awiri. Ici ndico cifukwa cace munthu woyenda pa njinga kucokera ku Biriwiri kunka ku Lizulu amaona Malawi ku dzanja lamanja ndi Mozambique ku dzanja lamanzere, koma anthu a mbali zonse ziwiri ali a cilankhulidwe cimodzi ndi ziwongo zimodzi. Si patali ndi mseu womwewo pamene pali manda a Inkosi Gomani, mwana wa Cikuse, amene anaphedwa ndi asilikari a Boma la Angerezi pa 27 October 1896. Alendo owerengeka okha ndiwo apatukirako.

Masiku amenewo Mzungu akafuna kucoka ku mapiri kunka ku nyanja ankayenda pa macila. Anthu khumi ndi awiri kapena kuposerapo ankasinthana kumnyamula, ali kuthamanga ndi kuyimba, ndipo pambuyo pankadza amtengatenga, ali yense ndi katundu wa mapaundi 50 kapena kupitirira pamutu: hema, mabokosi a zakudya, bafa, mpando. Woyang'anira onse anali kapitao. Iye ndiye ankadziwa pamene pali madzi, mudzi wogona, ndi mau oyenera kulankhula kwa nyakwawa. Tsono taonani: wotsogolera wa lero walowa m'malo mwa kapitao, ndipo galimoto ya pambuyo yalowa m'malo mwa amtengatenga. Catsala cosasintha ndi mlendo wopanda katundu m'manja.

Njinga ya moto inapangidwa ku Germany m'caka ca 1885, ndipo inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1894. Ku Mangalande a Triumph anayamba kupanga zao mu 1902, ndi a BSA mu 1910. Kuno kwathu inalandiridwa msanga ndi amishoni, atsamunda ndi akulu a Boma, pakuti miseu yambiri inali yopapatiza, ndipo njinga ikhoza kupita pamene galimoto ilephera. Pa mtsinje wopanda mlatho anthu anai ankaikoleka pa mtengo naiolotsa. Anthu a m'midzi sanabvutike ndi dzina. Anangomva kulira kwace naicha mthuthuthu. M'dziko la Ncheu munali kale mamishoni otalikirana, monga Livulezi, Gowa, Nzama wa Akatolika amene anayamba mu 1901, ndi Mlanda wa a Dutch amene anayamba mu 1902, ndipo mishoni uli wonse unali ndi masukulu a m'midzi ofunika kuwayendera. Ulendo wa masiku atatu pa macila unasanduka wa tsiku limodzi.

Komabe tisaganize kuti makinawa anapumitsa anthu nthawi yomweyo. Njinga zoyambazo zinali zofooka. Zambiri zinkayenda ndi lamba m'malo mwa cheni, ndipo lambayo akanyowa ankangoterereka. Pa citunda mwini wace ankatsika, naitana anyamata kuti akankhe. Coposa apo, njinga ifuna njira yosalala, yopanda zitsa. Caka ndi caka, mvula ikatha, nyakwawa zinkalandira mau ocokera ku Boma kuti anthu aturuke ndi makasu kukalambula mseu, kukwirira maenje ndi kumanga milatho ya mitengo ndi nsungwi. Amene analambula sanakwerepo ai, koma anangoima pambali ndi makasu ao, pfumbi liri kuwagwera.

Kuyenda kongofuna kuona dziko kunayamba pang'onopang'ono. Pa 11 December 1934 akazi awiri a ku Mangalande, Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, ananyamuka ku London pa njinga ya Panther yokhala ndi kangolo pambali. Anadutsa cipululu ca Sahara, nafika ku Cape Town m'mwezi wa July 1935. Mbiri yao inasonyeza anthu a ku Ulaya kuti Africa yense angathe kuyendedwa pa njinga ya moto. Koma kuno alendo ofuna nyanja anali ndi njira zina zosabvuta. M'caka comweco ca 1935 njanji inafika ku Salima, yodzera ku Balaka, Bilila, Sharpevale ndi Golomoti, m'cigwa ca Bwanje. Ndipo mu 1949 ndege zotera pamadzi zinayamba kutsitsa alendo ku Cape Maclear, ngakhale zinaleka caka cotsatira. Mseu wa ku mapiri unakhalabe wa dothi, wamatope m'dzinja, wa pfumbi ndi mabampu m'cirimwe. Unathiridwa phula dziko litalandira kale ufulu, pa zaka zoyandikana ndi 1970, pamene Boma linali kukonzeka kusamutsa likulu kucoka ku Zomba kunka ku Lilongwe, cimene cinacitika mu 1975.

Phula litafika, nkhondo inafikanso. Kuyambira caka ca 1986 anthu a ku Mozambique anathawira kuno m'unyinji wao, kufikira anaposa miliyoni imodzi m'dziko lonse, ndipo Ncheu linali limodzi la maboma amene analandira ambiri. Ku Biriwiri ndi ku Lizulu munthu wothawa ankangooloka mseu ndi mphasa yace pamutu, namanga kanyumba pakhomo pa mbale wace. Tsidya linalo nyumba zinali mabwinja. Mseu wa ku Tete sunayendeke popanda asilikari operekeza magalimoto. Pa zaka zimenezo mlendo wosangalala anali wosowa pa njira iyi, ndipo anayamba kuonekanso pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu October 1992, othawa aja atabwerera kwao.

Cina cimene cinacurukitsa maulendowa ndico ulendo wa Ewan McGregor ndi Charley Boorman m'caka ca 2007. Anacoka ku John o' Groats ku Scotland m'mwezi wa May pa njinga za BMW, nadzera m'Malawi muno kucokera ku Tanzania kunka ku Zambia, nafika ku Cape Town mu August. Anali ndi magalimoto owatsata ndi anthu ojambula, ndipo zithunzi zao zinaonetsedwa pa BBC. Anthu a ndalama amene alibe miyezi itatu yoyendera anayamba kufuna kacigawo ka ulendo wotere, ka sabata imodzi kapena ziwiri, kokonzedwa ndi wina.

Tinene zoona, cigawo ca ku Ncheu ncokoma m'maso. Wocoka ku Boma m'mawa wa mu June akwera mpaka ku Lizulu m'nkhungu ndi cisanu cocita kulasa zala, pakati pa minda ya mbatata ya kacewere ndi kabici. Pa Masasa apatukira kum'mawa, nalowa mseu wa Khwekhwelere. Apa mseu utsika mapazi pafupi 3,000 m'makhota osawerengeka, ndipo pa khota lina cigwa conse ca Bwanje cimatseguka pansi, nyanja iri kunyezimira patali. Munthu amene anabvala malaya awiri ku Lizulu amawabvula asanafike ku Golomoti, pamene milambe iyamba kuoneka. Kucokera apo ena apatukira ku Mua, mishoni wa caka ca 1902, kukaona nyumba yosungiramo za gule wamkulu ndi miyambo ya Angoni ndi Ayao. Ena alunjika ku Monkey Bay ndi Cape Maclear kukagona m'mbali mwa madzi. Kale mseu wa Khwekhwelere unali wa miyala ndi dothi. Tsopano uli ndi phula, koma oyenda mwanzeru apewabe miyezi ya January ndi February, pakuti mitsinje yotsika m'mapiriwa imadzaza mwadzidzidzi, nkuononga milatho ya m'cigwa.

Funso limene a ku Ncheu ayenera kudzifunsa ndi ili: pa ndalama zonse za ulendowu, zotsala kwao nzingati? Ncheu ali pafupi mamailosi 100 kucokera ku Lilongwe, ndiponso pafupi comweco kucokera ku Blantyre. Pa macila, mtunda wotere unali wa masiku anai kapena asanu, ndipo midzi ya m'njira inkagulitsa ufa, nkhuku ndi mazira. Pa njinga ya lero ndi maora awiri kapena atatu. Mlendo agona ku Dedza kapena ku nyanja. Ku Ncheu angothira mafuta, najambula msika wa pa Lizulu, mwina nagula nthoci. Kacewere sangamgule, pakuti alibe ponyamulira. Mwambo wa Umhlangano, umene Angoni a kwa Maseko acita ku Nkolimbo m'mwezi wa September, ugwa m'nyengo yeniyeni ya maulendowa, koma alendo a pa njinga apitirira pa mseu osadziwa kuti ingoma iri kubvinidwa pafupi pomwepo.

Njinga imene yasinthadi moyo wa ku Ncheu si ya alendo ai. Kuyambira zaka za pambuyo pa 2010 kunabwera njinga zazing'ono zochipa, zopangidwa ku China ndi ku India, ndipo anyamata anayamba kunyamulirapo anthu, nchito imene ichedwa kabaza. Pa Tsangano Turn-off, pa Lizulu, pa Kasinje ndi pa Cingeni zimaima m'mizere. Zinyamula mai wodwala kunka ku cipatala, mphunzitsi kunka ku sukulu ya kutali, matumba a kacewere, mbuzi, ngakhale malata. Oyendetsa ambiri sanaphunzire malamulo a pa mseu, zisoti nzosowa, ndipo zipatala zazikulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zilandira anthu ambiri othyoka miyendo cifukwa ca ngozi za njingazi. Oyendetsawo, ambiri a iwo zidzukulu za anthu aja ankalambula mseu ndi makasu, atsika Khwekhwelere kawiri kapena katatu pa tsiku, m'dzinja ndi m'cirimwe momwe, ali ndi anthu awiri kumbuyo ndi thumba la cimanga patsogolo.