Peni ya inki ya ebonite ya ku Japan

Peni ya ebonite ndi cholembera cha inki yamadzi, cha nibu kunsonga, chimene thunthu ndi chivindikiro chake amazisema kuchokera ku labala wouma gwa. Ku Japan kukadali amisiri ochepa amene amasema mapeni otere imodziimodzi, ndipo ambiri sayamba ntchito mpaka wogula atapereka oda. Munthu wa ku Marka, kumene msewu wa M1 umathera pa malire a Malawi ndi Mozambique, akhoza kuitanitsa peni yotere ngati wina aliyense. Chomwe chimasiyana n'chakuti dzuwa, kutentha ndi madzi a m'chigwa cha Shire sizigwirizana kwenikweni ndi ebonite.

Ebonite

Ebonite amapangidwa ndi utomoni wa mitengo ya labala, mitengo yonga imene ili pa esiteti ya Vizara ku Nkhata Bay. Utomoniwo amausakaniza ndi sulufule n'kuuphika. Njira yolimbitsa labala ndi sulufule inalembetsedwa m'dzina la Charles Goodyear ku America mu 1844, ndipo mu 1851 m'bale wake Nelson Goodyear analembetsa ya labala wouma. Labala wa matayala amathiridwa sulufule pang'ono chabe. Wa ebonite amathiridwa wambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo amaphikidwa nthawi yaitali mpaka kutambasuka konse kutheratu. Amatuluka wakuda, wolimba, wosemeka ngati mtengo wa phingo.

Inki siimudya ebonite, n'chifukwa chake mapeni oyambirira a Waterman, amene anayamba mu 1884, anali a ebonite, chimodzimodzi Parker Duofold yofiira ya mu 1921. Amapangiranso zipeso, mabokosi a mabatire a galimoto akale ndi poyika pakamwa pa saxophone. Pulasitiki atabwera, makampani ambiri anamusiya, chifukwa pulasitiki amangomuthira m'chikombole pomwe ebonite amafuna mmisiri. Peni ya ebonite imapepuka, siiterereka m'zala za thukuta, ndipo ukaikhutiza pa nsalu n'kununkhiza umamva kafungo ka tayala. Ogula mapeni akale amadziwira pomwepo kuti sanawagulitse pulasitiki.

Opanga ake

Fakitale imodzi yokha ndi imene ikupangabe ebonite ku Japan: Nikko Ebonite, ya ku Arakawa mumzinda wa Tokyo, yomwe inayamba mu 1952. Msika wa ebonite utachepa, eniake anayamba kusema mapeni awoawo mu 2009 pa dzina la Eboya. Mapeni awo ambiri sawapaka kanthu, amangowapukuta mpaka kunyezimira, ndipo ena amakhala a mawangamawanga chifukwa mitundu anaisakaniza labala asanaphikidwe. Ku Tottori kuli shopu ya Hakase, ya mu 1934, imene imasema ebonite, mitengo ndi nyanga. Nakaya inakhazikitsidwa mu 1999 ndi Toshiya Nakata, mdzukulu wa amene anayambitsa kampani ya Platinum mu 1919, ndipo anasonkhanitsa amisiri amene anali atapuma pa ntchito ku kampaniyo.

Chida cha mwambo cha ntchitoyi ndi rokuro, makina ozunguza mtanda wa ebonite pamene mmisiri akuupala ndi mpeni. Amaboola mkati, amaongola kunja, kenako amadula mazinga olumikizira chivindikiro. Mmisiri waluso amadziwika pa mazingawo: chivindikiro chitsekeke popanda kugwedera kapena kukakamira.

Vuto lalikulu la ebonite ndi kuwala. Dzuwa ndi chinyezi zikamufika, sulufule wa pamwamba amasintha, ndipo peni yakuda bii imasanduka yotuwa mofiirira kapena mobiriwirako. Anthu a ku Japan anapeza mankhwala ake kwawo komweko. Cha m'ma 1925 kampani ya Namiki, imene lero ndi Pilot, inayamba kukuta ebonite ndi urushi, utomoni wa mtengo wina wa kum'mawa kwa Asia. Urushi suuma ndi mphepo, umauma pamalo a chinyezi, ndipo amaupaka kambirimbiri, kudikira kuti wapansi ulimbe asanapakenso. Ena amajambulapo zithunzi powaza fumbi la golide utomoni usanaume, luso lotchedwa maki-e. Mu 1930 Namiki inagwirizana ndi Dunhill ya ku London, ndipo mapeni amenewa anayamba kudziwika ku Ulaya. Ntchito yambiri ya urushi imachitikira ku Wajima m'chigawo cha Ishikawa, kumene chivomezi cha pa 1 Januwale 2024 chinagumula nyumba zambiri za amisiri.

Kuitanitsa

Oda ya peni yotere imakhala ndi mafunso ochuluka kuposa oda ya foni. Wogula amasankha maonekedwe, kutalika, kunenepa kwa thunthu, mtundu ndi kukula kwa nibu. Nakaya imafunsanso mmene munthu amalembera: dzanja lamanja kapena lamanzere, amadinikiza kwambiri kapena ayi, amapendeketsa peni motani, amalemba mothamanga kapena modekha. Mayankhowa amapita kwa wonola nibu. Apa m'pamene pamafunika kunena zoona. Ambiri a ife tinakula ndi bolopeni, ndipo bolopeni imaphunzitsa dzanja kudinikiza mpaka zilembo kuonekera kuseri kwa pepala. Wolemba motere akanena kuti dzanja lake n'lopepuka, adzalandira nibu yofewa imene adzaikhadzula m'mwezi woyamba.

Nibu zake nthawi zambiri zimakhala za golide wa makarati 14, zokhala ndi kachitsulo kolimba kunsonga. Za ku Japan zimalemba mzere wopyapyala kuposa za ku Ulaya za chizindikiro chofanana, chifukwa zilembo za Chijapani zili ndi timizere tambiri pamalo ochepa. Pa makope wamba a m'magolosale athu, amene pepala lake limamwa inki, nibu yopyapyala ndiyo yabwino.

Kudikira kumatenga miyezi, ndipo kwa amisiri ena kumapitirira chaka. Mtengo umayambira pa mayeni (ndalama za ku Japan) zikwi makumi angapo, wa maki-e n'kukwera kangapo kuposa pamenepo. Malipiro amadutsa pa khadi ya ku banki yololedwa kugula kunja, ndipo apa wogula wa ku Malawi amakumana ndi kusowa kwa ndalama zakunja komanso kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Peni yoyembekezera chaka ndi bwino kuilipira yonse poyamba ngati wopanga akulola.

Ngakhale pa Marka pali chipata cha malire ndi siteshoni ya sitima, moyang'anana ndi Vila Nova de Fronteira, phukusi lochokera ku Tokyo silidzera kumeneko. Limabwera pa ndege, kudzera ku positi kapena makampani onga DHL, ndipo a bungwe la msonkho la MRA amaliona n'kulipiritsa msonkho. Likafika ku Blantyre limatsika phiri la ku Thabwa, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, kudutsa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi boma la Nsanje. Njira yachidule ndi kulemba adiresi ya m'bale wa mu Blantyre n'kukalitenga pamanja.

Kasamalidwe m'chigwa

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Nsanje kumapitirira madigiri 40. Ebonite amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 70 mpaka 80, ndipo kutsogolo kwa galimoto yotsekedwa padzuwa kukhoza kuyandikira pamenepo. Peni isasiyidwe pawindo kapena pathumba la malaya kwa munthu woyenda tsiku lonse padzuwa. Kwa wokhala kuno, ya urushi ndi yanzeru kuposa yosapaka, ngakhale nayonso siikonda dzuwa la tsiku ndi tsiku.

Kathiridwe ka inki nakonso kamafunika kukaganizira. Mapeni ena amagwiritsa ntchito timachubu ta inki togula kale, amene kuno n'tosowa. Ena ali ndi kampope kokokera inki m'botolo. Mtundu wachitatu, umene Ajapani amati inki-dome, umasunga inki m'thunthu mwenimwenimo, ndipo kumbuyo kuli kachitsekero kamene ukakapotoza kamatsegula kapena kutseka njira ya inki. Thunthu likatsala theka, mpweya wa mkatimo umafufuma ndi kutentha n'kukankha inki, ndiye dontho lalikulu limagwera pa kalata yolembedwa kale. Kachitsekeroka kamaletsa zimenezi peni ikakhala m'thumba, koma polemba mankhwala ake ndi kuidzaza inki isanatsike kwambiri.

Inki yoyenera ndi ya mapeni a nibu yokha, monga Parker Quink, imene yakhalapo kuyambira 1931. Inki ya padi ya chidindo kapena ya printer imatseka njira. Kwa anthu amene anaona makope ndi zikalata zikumira pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, pali inki zosasukuluka ndi madzi, monga Carbon Black ya Platinum ndi Kiwa-guro ya Sailor. Vuto lake n'lakuti zikaumira mkati zimavuta kutsuka, ndipo kuno inki imauma msanga peni ikangokhala masiku osalemba.

Potsuka, madzi akhale ozizira, asakhale otentha, ndipo peni isaviikidwe usiku wonse chifukwa ebonite wosapaka amasuluka. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi a mchere, amene amasiya zoyerayera m'tinjira ta inki, choncho madzi a mvula osefa kapena a m'botolo ndiwo oyenera. Spirit ndi mankhwala opukutira zitsulo zisayandikire. Nibu ikapindika, peni imayenera kutumizidwa kwa wopanga ku Japan, ndipo ndalama ya positi kupita ndi kubwera iwerengeredwe pa mtengo wake kuyambira tsiku lopereka oda.