Nsapato za Salaula ku Kafue

M'zaka za m'ma 1970, Kafue inali tauni ya mafakitale. Kafue Textiles inkawomba nsalu, pomwe Bata inkafufuta zikopa zopangira nsapato. Boma la Chiluba litamasula malonda pambuyo pa 1991, salaula (zovala ndi nsapato zovalidwa kale) anasefukira m'misika, ndipo n'zachisoni kuti ntchito zambiri zinatha.

M'mabelo a salaulayo mumatulukanso nsapato za Converse All Star. Zakale zinkasokedwa ku America mpaka 2001 pamene kampani ya Converse inagwa. Nike inaigula mu 2003, ndipo zamasiku ano zimachokera ku Asia. Mu 2013 kunabwera Chuck 70, yotengera ya m'ma 1970, yansalu yochindikala ngati yakaleyo koma yofewa popondera. Wogula wochenjera amayamba wapinda soli n'kuyang'anitsitsa msoko asanatulutse ndalama.