Mfuti ya Ambuya ndi Tepi ya Boma

Kumudzi kwathu, cha ku Chadiza, mfuti ya ambuya aamuna inkakhala pamtanda wa denga, yokulungidwa m'saka. Inali ya gogodera, ija yothira onga kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo. Tsiku lina ndili ndi zaka 7 anaiimika pafupi nane, ndipo inandiposa kutalika. Ambuya anaseka mpaka kutsokomola. Pamtengo wake wa paphewa panali nambala yofufutika, imene iwo ankaitcha dzina lake la ku Boma.

Atamwalira, msuweni wanga wa ku Mchini anafika pamaliro ali ndi lake mumtima. Anali ndi kantemba, ndipo akuba anali atamuthyolera kawiri. Anthu atabalalika anakagwada kwa ambuya aakazi. "Ambuya, chitsulo chija mundipatse ine. Ndikachidula mpope, chizilowa m'jekete." Ambuya sanayankhe msanga. Ineyo mawu akuti kudula mpope anandikhala m'mutu kwa zaka, chifukwa nditayamba kuwerenga mbiri ya dera lathu ndinapeza kuti maboma akhala akuyang'ana chinthu chomwechi, mpope wa mfuti, kuyambira Chipata asanakhale tauni.

Mpope ndi paipi ija mumadutsa chipolopolo. Ukakhala wautali, mphamvu ya onga imakankha chipolopolo nthawi yaitaliko, ndipo kulunjika kumaphweka. Ukakhala waufupi, mfuti sifika patali bwino koma imabisika. Palinso za mkati. Mpope wa gogodera ya ambuya unali wosalala ngati paipi ya madzi. Mfuti zamakono zambiri zili ndi timizere topota mkati, totembenuza chipolopolo kuti chiwuluke mowongoka. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma maufumu anagwa nako.

Pa 2 July 1890, maiko a ku Ulaya ndi ena anasaina pangano ku Brussels. Mutu wake unali kuthetsa malonda a akapolo, koma mkati munali ndime za mfuti. Anajambula mizere iwiri pa mapu a Africa, wina pa madigiri 20 kumpoto, wina pa madigiri 22 kumwera, n'kunena kuti pakati pa mizereyi mfuti zamakono zisagulitsidwe kwa eni dziko. Chipata ali cha pa madigiri 13 kumwera, ndiye kuti ife tinali mkatikati. Chomwe analola kugulitsa chinali mfuti zakale zoyatsa ndi mwala, za mpope wosalala, pamodzi ndi onga wamba. Mfuti ya mizere inatsala ya boma ndi amene boma lawakhulupirira. Kunena zoona, malonda a akapolo ankayendadi ndi mfuti, ndipo sinditsutsa kuti ankafunika kuthetsedwa. Koma amene analemba ndime zimenezi ndi omwewo anali m'njira kubwera kudzatenga dziko, ndipo anadziwa bwino mpope umene ankafuna kukumana nawo.

Mfuti sizinali zachilendo kuno. Achikunda ochokera ku Zumbo ndi ku chigwa cha Zambezi ankasaka nazo njovu. Mafumu ena a Achewa ankazigula ndi minyanga n'kuteteza nazo malinga awo. Odabwitsa anali Angoni a Mpezeni. Iwo anaoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, ndipo anagonjetsa anthu ambiri okhala ndi mfuti ali ndi mkondo, chibonga ndi chishango basi. Munthu wa gogodera akawombera kamodzi, asanathire onga wina, Mngoni wafika kale. Wolemba mbiri Giacomo Macola, m'buku lake la 2016 lonena za mfuti m'chigawo chapakati cha Africa, akufotokoza kuti Angoniwa sanasowe njira yopezera mfuti, koma ankaipeputsa. Ulemu wa mwamuna unali kupha mdani pafupi, maso ndi maso. Kupha uli patali kunalibe dzina.

Maganizo amenewa anawagwirira ntchito zaka makumi angapo, mpaka January 1898. Mzungu wa ku Germany, Carl Wiese, anali atapeza chilolezo kwa Mpezeni, ndipo chilolezocho chinagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inkakhulupirira kuti m'dziko la Angoni muli golide. Mkangano utakula, asilikali anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi mfuti za mizere, mizinga ndi mfuti za Maxim, zolavula zipolopolo mazana pa mphindi imodzi. Kampata kaja ka pakati pa kuwombera ndi kuthira onga, kamene Angoni ankadalira, kunalibenso. Nkhondo inatha m'masiku owerengeka. Nsingu, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuphedwa ndi mfuti mu February. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mpezeni anatengedwa kupita ku Nyasaland, anabwezedwa, n'kumwalira mu 1900. Golide uja sanapezeke monga ankalotera. Chomwe chinamera ndi boma la Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, tauni yomwe lero timaitcha Chipata.

Mukapita ku Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, yang'anani m'manja mwa ovina. Zibonga, mikondo, zishango. Ena amati ndi zovinira chabe. Ine ndikaona ndimakumbukira kuti zimenezi ndi zida zomwe amuna anapita nazo kukakumana ndi Maxim.

Nanga revolver ikubwera pati? Inabwera m'chiuno mwa ofisala. Asilikali a Britain anavomereza revolver ya Webley mu 1887, ya zipolopolo 6 ndi mpope wa mainchesi 4. Ya mu 1915, yomwe inafala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, inali ndi mpope wa mainchesi 6. Msilikali wakuda ankanyamula mfuti yaitali paphewa, kamfuti kakafupi kanali ka bwana. Munthu wamba wa kumudzi, monga bambo awo a ambuya, gawo lake linali gogodera, nayonso yolembetsa ku Boma. Choncho m'tauni muno munali makwerero atatu, ndipo ukangoona mpope unkadziwa khungu ndi udindo wa mwini wake.

Lero m'maiko ambiri lamulo siliyang'ananso khungu, koma tepi yoyezera silinaitaye. Ku America, lamulo la 1934 linaika mfuti zodulidwa m'gulu lapadera, ndipo malire ake masiku ano ndi mainchesi 18 pa shotgun ndi 16 pa rifle. Ku Canada, lamulo la 1995 linaletsa timfuti ta m'manja ta mpope wa mamilimita 105 kapena kuchepera. Ku Britain, munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane mu March 1996, anakhazikitsa lamulo mu 1997 loletsa mfuti za mpope wosafika masentimita 30, kapena zosafika masentimita 60 yonse pamodzi. Amalonda sanagone. Anayamba kugulitsa revolver ya mpope wa mainchesi 12, n'kuilumikiza kandodo kachitsulo kumbuyo kuti ikwane pa tepi. Chinthucho n'chonyansa kuchiona, ngati njinga ya ku Kapata yowotcherera kariya wautali, koma ndi chololedwa, chifukwa sichilowa m'thumba.

Apa ndipo pali kusintha kumene kumandichititsa chidwi. Mu 1890 boma linkaopa mpope wofika patali, chifukwa mdani wake anali mfumu yokhala ndi ankhondo. Masiku ano limaopa mpope waufupi, chifukwa mdani wake ndi munthu mmodzi wolowa m'shopu manja ali m'jekete. Msuweni wanga, osadziwa, ankafuna kuchotsa mfuti ya ambuya m'gulu loyamba, limene palibenso amene amaliopa, n'kuilowetsa m'gulu lachiwiri.

Kuno ku Zambia nkhanizi zili mu Firearms Act, Chaputala 110 cha malamulo athu. Mfuti iliyonse imafuna laisensi, ndipo laisensiyo ndi ya munthu, osati ya banja. Mfuti si khasu loti mwini akamwalira mdzukulu angotola. Kukhala nayo popanda pepala ndi mlandu pawokha, ngakhale usanawombere nkhuku. Ndiye pali ndime 294 ya Penal Code, imene mnyamata aliyense wa m'komboni ayenera kuidziwa kuposa nambala ya chibwenzi chake. Kuba moopseza, muli gulu kapena muli ndi chida, chilango chake chimayambira pa zaka 15. Kwa zaka zambiri, chidacho chikakhala mfuti, chilango chinali imfa. Chilango cha imfa chinathetsedwa mu December 2022, koma mlanduwo sunapepuke, munthu amatha kukalambira m'ndende.

Mudzati msuweni wanga sankafuna kuba, ankafuna kudziteteza. N'zoona, ndipo mkwiyo wake ndimaumvetsa. Munthu wagona m'kantemba miyezi kuti apeze kapitolo, ena n'kudzakolola usiku umodzi. Koma m'komboni chinthu sichikhala ndi mwini mmodzi. Mnzako adzabwereka "kungoopsezera", mlamu adzadziwa pomwe umabisa, mwana adzachipeza pansi pa matiresi. Komanso gogodera yakale, ya dzimbiri mkati, imatha kuphulikira mwini wake kumaso.

Ambuya aakazi sanawerengepo za Brussels kapena Dunblane. Atakhala chete nthawi yaitali anangoti, "Iwe mwana, ambuyako ankapita nayo kutchire dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Iwe ufuna uzipita nayo kuti kosafuna kuonedwa?" Msuweni anayesa kufotokoza za akuba. Iwo anatembenukira kwa amalume n'kuwauza kuti mawa lake aipereke kupolisi.

Ndinawaperekeza. Tinaimangirira pa njinga ili m'saka lake lomwe lija, koma mpope unatulukira kumbuyo pafupifupi mkono wathunthu, ndipo amalume anamangapo kansalu kofiira monga amachitira onyamula malata. Njira yonse anthu ankaima kutiyang'ana, ana n'kumatithamangira. Wapolisi amene anatilandira anaitembenuza, n'kupukuta nambala ija ndi chala, koma sanathe kuiwerenga yonse. Analemba m'buku, kenaka anatulutsa tepi m'dirowa n'kundipempha kuti ndigwire mbali imodzi.